Wogula Amene Sagula



Milungu itatu yapitayo foni yanga inalira pakati pa usiku. Foni ya nthawi imeneyo, mtima umayamba wagunda usanaone n'komwe dzina la woimbayo, chifukwa kawirikawiri imabwera ndi uthenga wa maliro. Koma ayi, anali mwana wa mlongo wanga, amene anapita ku America kukaphunzira ndipo pano akugwira ntchito yosamalira nkhalamba m'chigawo cha Indiana. Kwa iye kunali kusanade. Mawu ake anali a munthu amene watola chikwama panjira.

"Amalume, ndapeza bizinesi," anatero. "Siifuna mpamba, siifuna ngongole ya kubanki. Umangopeza munthu wofuna kugulitsa nyumba mwachangu, n'kusainirana naye, pepalalo n'kukaligulitsa kwa wina wandalama. Pa nyumba imodzi yokha umatha kupeza ndalama zimene ine ndimazikhetsera thukuta miyezi itatu. Kodi pamenepo pali cholakwika?"

Ndinamupempha kuti andipatse nthawi. Funso lakelo ndagona nalo, ndadzuka nalo, ndipo madzulo ano ndati tilingalire limodzi. Nkhaniyi ndi ya ku America, nyumba zake ndi za ku Philadelphia, Detroit, Atlanta ndi Dallas. Koma mavidiyo ophunzitsa malonda amenewa ali mbwee pa YouTube ndi TikTok, ana athu akuwaonera, ndipo ena mwa iwo ali komweko, foni ili m'manja, angotsala pang'ono kuimba nambala yoyamba.

Eni ake amawatcha malondawa kuti wholesaling. Dzinali likukumbutsani mashopu a holoselo, kumene a maokala amakapikula sopo ndi shuga. Komatu dzinalo n'losocheretsa. Wa holoselo amagula katundu ndi ndalama zake, n'kumusunga m'nyumba yake, ndipo katunduyo akanyowa, akabedwa kapena akapanda kuyenda malonda, wolira ndi iyeyo. Munthu amene tikumukamba lero sagula kanthu. Iye amapita kwa mwininyumba n'kunena kuti, ndigula nyumba yanu, ndalama zonse pamanja, simukonza kanthu, simupenta, ngakhale kusesa musasese. Amasainirana mgwirizano wa malonda, n'kusiya kachikole kochepa, nthawi zina madola 100, nthawi zina 10 okha. Mu mgwirizanomo mumakhala timawu tochepa tonena kuti wogulayo akhoza kupereka ufulu wake wogula kwa munthu wina. Akangotuluka pakhomopo, pepala lili m'thumba, amayamba kuimbira anthu andalama amene ntchito yawo ndi kugula nyumba zakutha, kuzikonza, n'kuzigulitsanso kapena kuziika pa lendi. Amene wavomera ndiye amalipira nyumbayo. Wapakatiyu amatenga ndalama imene yatsala pakati pa mtengo umene analonjeza mwininyumba ndi mtengo umene wandalama uja wapereka. Dzina lake silifika n'komwe pa chikalata cha umwini.

Tiyeni tiikepo manambala ongoyerekeza, kuti chithunzi chioneke bwino. Tinene kuti pali nyumba imene itakonzedwa ingagulitsidwe madola 200,000, ndipo kuikonza kungadye madola 40,000. Ogula nyumba zokonzanso ali ndi kawerengedwe kawo kotchuka: amatenga 70 pa 100 alionse a mtengo wa nyumba yokonzedwa, n'kuchotsapo ndalama zokonzera. Pa nyumba yathuyi ndiye kuti 140,000 kuchotsapo 40,000, wandalama uja avomera kulipira madola 100,000. Wapakati akudziwa masamu amenewa asanagogode n'komwe pachitseko. Choncho ntchito yake yonse ndi imodzi: kuwakopa mayi eni nyumba kuti asaine pa mtengo wotsika kuposa 100,000. Akasaina pa 90,000, iye wapeza 10,000. Akasaina pa 70,000, wapeza 30,000. Dola iliyonse imene mayiwo ataya, yalowa m'thumba mwake. Mugwire mfundo imeneyi omvera, chifukwa nkhani yathu yonse yatsamira pamenepa.

Nanga anthu ovomera kugulitsa motchipa chotere amawapeza bwanji? Ku America zambiri za kukhothi ndi kumaofesi a boma n'zosabisa, aliyense akhoza kuziona. Alipo mayina a anthu amene alephera kulipira msonkho wa nyumba. Alipo a amene banki yawachenjeza kuti iwalanda nyumba chifukwa cha ngongole. Alipo a mabanja amene angoika kumene maliro ndipo chuma cha masiye chili kukhothi, aliponso a amene ukwati wawo ukutha. Mayina amenewa amasonkhanitsidwa n'kugulitsidwa, ndipo pali makampani ena amene ntchito yawo ndi kusaka nambala ya foni ya munthu aliyense wa pamndandandapo. Ena amangoyendayenda pa galimoto m'makwalala, maso ali pa nyumba ya udzu wautali pabwalo, ya denga lophimba ndi lona, ya makalata ounjikana pakhomo. Kenako zimayamba: mafoni, mauthenga, timakalata tooneka ngati tolembedwa pamanja, zikwangwani pa mapolo a magetsi zolengeza kuti timagula nyumba, ndalama pompopompo. Mayi amene aika amuna awo m'manda mwezi watha akhoza kulandira mafoni otere tsiku ndi tsiku, misozi isanaume.

Ndisanapite patali, ndiwapatse mpata ochita malondawa, chifukwa mlandu sagamula utamva mbali imodzi. Iwo amati: ife sitikakamiza munthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pali nyumba zimene zawonongeka moti banki singabwereke munthu ndalama zoti aigulire, ndipo ogula wamba saziyang'ana kawiri. Pali mwana amene akukhala kutali, makilomita zikwi ziwiri kuchokera kumene makolo ake anamusiyira nyumba yodzaza katundu wa zaka makumi anayi, ndipo alibe nthawi kapena mphamvu zoti akalongosole. Pali bambo amene nyumba yake igulitsidwa pa okushoni milungu iwiri ikubwerayi, ndipo akachedwa ataya zonse. Kugulitsa kudzera mwa ejenti kumatenga nthawi, kumafuna kukonza ndi kuonetsa nyumba kwa alendo, ndipo kwa zaka zambiri komishoni yake yakhala ikuzungulira pa 5 kapena 6 pa 100 alionse. Ife, amatero, timabweretsa liwiro, ndipo liwiro lili ndi mtengo wake.

Zimenezi si zabodza ayi. Ine sindili m'gulu la anthu amene amati aliyense woima pakati pa wogula ndi wogulitsa ndi mbala. Kwathu kuno madobadoba timawadandaula, komabe mukafuna nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Area 25, ndi iwowo amene amadziwa khomo limene mwatuluka munthu dzulo. Ayenda, afunsa, nsapato zawathera, ndipo n'koyenera kuti adyepo. Kudziwa kumene kuli wogula ndi ntchito. Kulumikiza anthu awiri amene sakanakumana ndi ntchito. Phindu lochokera pamenepo ine ndilibe nalo mlandu.

Koma taonani kusiyana kwake. Dobadoba wa ku Ndirande mumamudziwa kuti ndi dobadoba. Sabwera kwa inu atavala nkhope ya mwininyumba, ndipo yake mumagwirizana poyera. Ku America nako, ejenti wokhala ndi chiphaso amene mwamutuma kugulitsa nyumba yanu, lamulo limamumanga kuti aimire inuyo, ndipo popeza malipiro ake ndi gawo la mtengo, nyumba ikagulidwa modula nayenso amapindula. Ngolo yanu ndi yake zikulowera kumodzi. Wa wholesaling amachita ntchito yomweyo ya ejenti, yosakira nyumba wogula, koma alibe udindo uliwonse kwa mwininyumba, ndipo phindu lake limakula pamene la mwininyumba likuchepa. Chopweteka kwambiri n'chakuti nthawi zambiri mayi aja sakudziwa zimenezi. Iwo akuganiza kuti mnyamata waulemu amene wakhala pampando wa malemu amuna awo, amene wamwa tiyi wawo ndi kufunsa za zidzukulu, ndiye wogula. Akuganiza kuti nyumba yagulidwa. Pamene zoona zake n'zakuti nyumba yawo yangolowa kumene pamsika, msika umene iwo sakuuona, ndipo wotsatsa wake akudya kumbali yawo.

Mawu akuti "ndigula nyumba yanu", otuluka pakamwa pa munthu amene alibe ndalama zogulira ndipo alibe cholinga chogula, ndi bodza. Ndayesa kulifunira dzina lofewerapo, koma ndi bodza basi.

Bodzali lili ndi ana ake. Mumgwirizano muja mumaikidwa kakhomo kothawira: wogula ali ndi masiku akutiakuti oyendera nyumba, ndipo akapanda kukhutira akhoza kuchoka. Wapakati akasaka wandalama n'kumusowa, amatulukira pakhomo pamenepo, osataya kanthu, kapena kutaya madola 100 aja basi. Nanga bambo amene banki imawawerengera masiku? Iwo anakana ogula ena, analongedza katundu, mwina analipiriratu kumene akusamukira. Milungu imene akanapulumutsira kanthu yapita. Pa malonda alionse, amene akuyembekezera phindu ndiye amayenera kusenza chiopsezo. Apa zatembenuzidwa: phindu kwa wochenjera, chiopsezo kwa wovutika. Ndipo khomo limene lili lotsegula kwa wapakati, kwa mwininyumba n'lokhoma. Iye akazindikira kuti wapusitsidwa n'kufuna kubwerera m'mbuyo, ena mwa anthuwa amathamangira ku ofesi yosunga zikalata za malo n'kukalembetsa kuti ali ndi mgwirizano pa nyumbayo. Zikatero nyumba yamangidwa miyendo, palibe wina angaigule mpaka nkhaniyo itathetsedwa, ndipo kuithetsa kumafuna loya, kapena kumulipira yemweyo amene waimangayo.

Izi sindikuzipeka. M'mwezi wa Meyi 2023, atolankhani ofufuza a bungwe la ProPublica anatulutsa zimene anapeza pa kampani ya HomeVestors of America ya ku Dallas, imene inayamba mu 1996 ndipo imadziwika m'dziko lonselo ndi zikwangwani zolengeza kuti imagula nyumba zosaoneka bwino. Panthawiyo inali ndi nthambi zopitirira chikwi chimodzi, zoyendetsedwa ndi anthu amene anagula ufulu wogwiritsa ntchito dzina lake. Nyumba zina nthambizo zimagula zokha n'kuzikonza, zina zimangogulitsa mgwirizano monga tafotokozera. Atolankhaniwo anapeza kuti pa maphunziro a kampaniyo, ogula ankalangizidwa kufufuza pamene mwininyumba akumva kuwawa. Anapeza nkhalamba, odwala, ndi anthu amene mutu unayamba kuiwalaiwala, atasainitsidwa mapepala pa mitengo yotsika kwambiri, ndipo ena atafuna kubwerera anakokeredwa kukhothi. Kampaniyo inayankha kuti nkhani zoterezi n'zochepa poyerekeza ndi nyumba zikwizikwi zimene nthambi zake zinagula, ndiponso kuti malamulo ake saloleza khalidwe lotere. Komabe patangopita milungu yochepa, mkulu wake David Hicks analengeza kuti akupuma pantchito, aphungu awiri a nyumba ya Senate, Tina Smith ndi Cynthia Lummis, anapempha akuluakulu a zamalamulo m'zigawo kuti achitepo kanthu, ndipo pambuyo pake kampaniyo inaika lamulo lopatsa wogulitsa masiku atatu oti asinthe maganizo.

Kufufuza pamene munthu akumva kuwawa. Mawu amenewa andikhala pamtima. Dokotala nayenso amafufuza pamene pakupweteka, amadinikiza pamimba n'kufunsa kuti, apa? Koma iye amafufuza kuti achize. Uyu akufufuza kuti adziwe podinikiza mpaka munthu asaine. Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Pano pali maphunziro olipira, ophunzitsa munthu kusaka amene ndevu zikupsa, kuti akamugule nyumba moto usanazime.

Tsopano tifike pa funso lovuta kwenikweni, limene mwana wa mlongo wanga anandipanikiza nalo. Anati, "Chabwino amalume, bodza ndi loipa. Koma ngati sindinama? Ngati ndangotchula mtengo wanga, iwo n'kuvomera? Kodi ndi udindo wanga kuwauza kuti nyumba yawo ndi yodula kuposa pamenepo? Kumsika wa kaunjika wogula sauza wogulitsa kuti jekete ili mwalitchipitsa."

Funso limeneli si lachilendo, ndipo khothi lalikulu la ku America linakumana nalo zaka zoposa mazana awiri zapitazo, pa nkhani ya fodya. Alimi a ku Kasungu ndi ku Mchinji aimvetsa bwino. Pa nkhondo ya pakati pa America ndi Britain imene inayamba mu 1812, zombo za Britain zinatseka madoko, fodya anasowa kolowera, mtengo wake unagwa. Pangano la mtendere linasainidwa mumzinda wa Ghent pa 24 Disembala 1814, koma masiku amenewo uthenga unkayenda pa madzi, ndipo unafika ku New Orleans mu Febuluwale 1815. Wamalonda wina, Hector Organ, anaumva uthengawo anthu ena onse asanaumve. M'mamawa analawirira ku kampani ya Peter Laidlaw n'kukagula migolo ikuluikulu 111 ya fodya pa mtengo wa nthawi ya nkhondo. Wogulitsa anafunsa ngati pali nkhani iliyonse imene ingakweze mtengo, Organ sanaulule. Uthenga utafala tsiku lomwelo, mtengo unakwera kwambiri. Mu 1817 mkulu wa oweruza, John Marshall, anagamula kuti Organ sanali wokakamizika kuulula zimene ankadziwa, koma anawonjezera kuti mbali iliyonse iyenera kusamala kuti isanene kapena kuchita kanthu kosocheretsa inzake.

Ochita wholesaling amaimirira pa theka loyamba la chigamulo chimenechi. Ine ndikuti awerengenso theka lachiwiri, ndipo aonenso kuti anthu a mlanduwo anali ndani. Organ ndi Laidlaw onse anali amalonda a fodya, ziwombankhanga ziwiri za msika umodzi. Laidlaw akanatha kumva uthengawo ola limodzi pambuyo pake, ndipo tsiku lotsatira anali ndi fodya wina woti agulitse. Mayi a zaka 80 amene anagula nyumba yawo kalekale, amene sadziwa kuti dera lawo lakwera mtengo chifukwa achuma ayamba kusamukirako, si ochita malonda a nyumba. Adzagulitsa kamodzi kokha pa moyo wawo wonse, ndipo chimene akugulitsacho ndiye chuma chawo chonse. Jekete la kaunjika ukalitchipitsa, mawa utsegula belo lina. Nyumba ilibe belo lachiwiri.

Ife a kuno timadziwa bwino kuti kuvomera kwa munthu wopanikizika si kuvomera kwenikweni. Mwezi wa Epulo kapena Meyi, mwana wadwala, fizi ikufunika, venda wafika pamudzi ndi sikelo yake. Mlimi amagulitsa chimanga pa mtengo wolira nawo, ndipo Januwale akafika amakachigulanso chomwecho pa mtengo wowirikiza. Palibe anamugwira pakhosi. Anavomera yekha. Koma n'chifukwa chiyani boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka ndi chaka? N'chifukwa tonse tikudziwa kuti pamene mmodzi ali ndi njala ya lero ndipo winayo ali ndi ndalama ndi nthawi, mawu akuti "tagwirizana" sakwanira kuyeretsa malonda. Esau naye anavomera yekha pamene ankasinthanitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, koma palibe mlaliki amene ndinamumvapo akuyamikira Yakobo chifukwa cha luso la malonda tsiku limenelo.

Pali chinanso chimene mwana wathu wochokera ku Africa ayenera kuchidziwa asanaimbe foni yoyamba: kodi m'nyumba zimenezi mukukhala ndani? Madera amene zikwangwani zija zimachuluka nthawi zambiri ndi a anthu osauka, ndipo ambiri ndi a anthu akuda. Agogo awo anavutika koopsa kuti apeze nyumbazo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930, madera a anthu akuda ankalembedwa mzere wofiira pa mapu, ndipo mabanki ankakana kubwereketsako ndalama. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, m'mizinda ngati Chicago, ochenjera ankaopseza azungu kuti akuda akubwera, n'kuwagula nyumba motchipa, kenako n'kuzigulitsa kwa akuda pa mtengo wokwera kwambiri, pa mgwirizano wakuti ukaphonya mwezi umodzi wataya zonse. Lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba linabwera mu 1968. Banja limene linapirira zonsezo mpaka kumaliza kulipira, nyumbayo ndiyo cholowa chokha chimene lingasiyire ana. Ndiye mu 2021 bungwe la Pew Charitable Trusts linapeza kuti mumzinda wa Philadelphia mokha muli nyumba zopitirira 10,000 zimene umwini wake ndi wosokonekera, zambiri chifukwa chikalata chikadali m'dzina la munthu amene anamwalira, ndipo vutoli ndi lalikulu m'madera a anthu akuda. Banja lotere limavutika kupeza ngongole yokonzera denga, limavutika kupeza thandizo la boma, ndipo likangotsalira pa msonkho, dzina lake lalowa pamndandanda uja. Kwathu kuno wolanda chuma cha masiye amakhala m'bale wa malemu, ndipo lamulo la 2011 limati khalidweli ndi mlandu. Kumeneko wolandayo amakhala mlendo waulemu, atanyamula cholembera.

Maboma a zigawo ayamba kudzuka. Illinois inasintha lamulo lake mu 2019, kuti aliyense wochita malonda otere koposa kamodzi pa miyezi 12 akhale ndi chiphaso cha ejenti. Mzinda wa Philadelphia unakhazikitsa lamulo lake mu 2020, lofuna chiphaso, lokakamiza kuti mwininyumba apatsidwe chikalata chomufotokozera ufulu wake asanasaine, ndiponso lolola anthu kulembetsa mayina awo kuti asamavutitsidwe ndi mafoni. Oklahoma inatsatira mu 2021. Pennsylvania inakhazikitsa lake mu 2024, limene limapatsa wogulitsa masiku 30 oti athetse mgwirizano ngati nyumba isanasinthe umwini. Mukawayang'anitsitsa malamulo onsewa, palibe limene likuletsa munthu kupeza phindu. Kuwonjezera pa chiphaso, ena mwa iwo akufuna zinthu ziwiri: kuti mwininyumba adziwe amene akulankhula naye, ndiponso kuti apatsidwe nthawi yopuma ndi kufunsa. Ndiye dzifunseni, omvera, chifukwa chimene malonda ena amafota akangowalitsidwa nyali ziwiri zimenezi. Masiku atatu oti mayi aimbire mwana wawo sawononga malonda achilungamo. Amangowononga malonda amene amadalira kuti mwanayo asamve.

Kodi tsono malondawa angachitike mwachilungamo? Ine ndikuti angathe, koma njira yake ndi yopapatiza, ndipo phindu lake ndi locheperapo kuposa la m'mavidiyo aja. Munthu afike n'kunena poyera kuti, mayi, ine sindine wogula, ntchito yanga ndi kukusakirani wogula, ndipo ndidzadyapo. Awauze kuti akapita kwa ejenti akhoza kupeza zambiri, kungoti zidzatenga nthawi. Awaonetse mitengo imene nyumba zoyandikana nazo zagulidwira. Awapemphe kuti aitane mwana wawo, m'busa wawo kapena loya asanagwire cholembera, ndipo akaona kuti mayiwo akufunsa funso limodzimodzi katatu, atseke chikwama chake n'kunyamuka. Aike chikole chenicheni, choti akalephera kupeza wogula chimupweteke iyeyo. Ndipo tsiku lomaliza, ndalama imene watenga ilembedwe pamene mayiwo angaione. Alipo anthu amene atamva zonsezi adzanenabe kuti, ndamva, koma ine ndikufuna zithe sabata ino. Amenewo ndiwo makasitomala enieni a ntchitoyi, ndipo kuwathandiza si tchimo. Koma ndi ochepa kuposa mayina a pamndandanda, ndipo ophunzitsa a pa intaneti, amene ambiri a iwo amadyera kugulitsa maphunzirowo, sakonda kuinena mfundo imeneyi.

Lamlungu lapitali ndinamuimbira mwana wa mlongo wanga. Ndinamufotokozera zonsezi, za fodya wa ku New Orleans, za malamulo, za masiku atatu. Anamvetsera mwaulemu monga mwana woleredwa bwino, koma ndinkamva kuti sizikumufika. Ndiye ndinamufunsa za ntchito yake. Anandiuza za agogo ena amene amawasamalira, amene anagwira ntchito m'fakitale zaka zambiri, amene masiku ena amamutchula dzina la mwana wawo amene anamwalira. Amawasambitsa, amawadyetsa, amawawerengera makalata chifukwa maso anafooka. Ndinati, "Iwe, agogo amenewo ali ndi nyumba?" Anati ali nayo, yangokhala yotseka kuyambira pamene anagonekedwa kumalo osamalirako okalamba, udzu wamera pabwalo. Ndinati, "M'makalata amene umawawerengerawo, mulibe a anthu ofuna kuigula?"

Anakhala chete nthawi yaitali, moti ndinayesa foni yaduka. Kenako anati amabwera pafupifupi sabata iliyonse, ndipo iye amawang'amba asanawawerenge, chifukwa tsiku lina agogowo atamva kalata yotere anayamba kufunafuna cholembera.

Ndinamufunsa ngati ndalama za maphunziro a wholesaling aja analipira kale. Anati analipira theka. Ndinamuuza kuti afunse ngati angamubwezere, ndipo ngati mtima wake ulidi pa malonda a nyumba, afufuze za chiphaso cha ejenti m'chigawo chakecho, kuti akadzakhala pampando wa m'nyumba ya munthu, adzakhale kumbali ya mwini wake. Sanandilonjeze kanthu. Anangoti nthawi ya ntchito yakwana, agogo aja akudikira chakudya chamadzulo, ndipo adzandiimbira Lamlungu likubwerali.